Za Mwana Womangika Lilime: Chilangizo kwa Makolo ndi Aphunzitsi a Katekisimu

Pa Lamulungu la 23 la pa chaka, m'Chaka B cha mawerengo, Eklezia awerengera ana ake nkhani ya munthu uja adabwera naye kwa Ambuye Yesu m'dziko la Dekapoli, wogontha makutu ndi womangika lilime. Kale nkhani yomweyi inkamveka pa Lamulungu la 11 itapita Pentekoste, ndipo akuluakulu ena akali kuikumbukira. Marko Woyera yekha ndiye adailemba, pa mutu 7 wa Mthenga wake. Akristu ambiri poimva aganiza kuti munthuyo adali wosatulutsa liu konse. Iai. Mau a Chigriki amene Marko adasankha atanthauza munthu wolankhula movutikira, amene mau ake atuluka opindika, kotero kuti omumvera atopa naye nayang'ana kumbali. Ndipo atachira, chimene Mlembi achitamanda ndicho chakuti kalankhulidwe kake kadaongoka.

Anthu otere sadathere ku Dekapoli. Alipo ku Kawale ndi ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana aang'ono. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 10 a zaka 5 kapena kuposapo m'dziko lino, mmodzi ali ndi ulumali wina wake, ndipo ena mwa iwo ndiwo ovutika kulankhula. Koma pa Misa ya ana saonekaoneka, ndipo m'mabuku a katekisimu maina ao ngosowa. Nanga ali kuti? Ali kumbuyo kwa amai ao, obisika m'nsalu, kapena ali m'nyumba ya lendi chitseko chili chotseka. Mwana wafika zaka 4. Anzake a mumpanda womwewo aimba nyimbo natumidwa ku hokala kukagula mchere. Iye akafuna madzi angoloza chidebe nalira. Amva zonse. Akauzidwa kuti akatenge nsapato za bambo wake, apita nabwera ndi nsapato zomwezo. Chimene chimkanika ndicho kubweza mau.

Kulankhula kuoneka kwapafupi chifukwa anthu achita osaganizira, monga kuphethira. Koma ndi ntchito yodabwitsa imene Mlengi adaikonza mwaluso. Kuti mwana anene "nsima", mapapo ayenera kukankha mpweya pa muyeso wake, kholingo linjenjemere, kumbuyo kwa m'kamwa kutseguke ndi kutsekeka kuti mpweya udzere m'mphuno pa nthawi yake yokha, lilime lifike ku nkhama, milomo ikumane ndi kulekananso. Ndipo zonsezi zitha msanga monga kuomba m'manja kamodzi. Chichewa sichipeputsa ntchitoyi ai. Kampweya kakang'ono ndiko kalekanitsa kuponya ndi kuphonya, ndipo kukweza kapena kutsitsa liu ndiko kulekanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika. Wolamulira minofu yonseyi ndi ubongo, monga momwe mkulu wa kwaya alamulira oimba ndi dzanja lake.

Tsono vuto likhoza kugwa pawiri. Kwa ana ena minofu yeniyeniyo njofooka kapena njouma, chifukwa mbali ya ubongo yoilamulira idavulala. Madokotala atcha vutoli dysarthria, ndipo kawirikawiri liyenda pamodzi ndi kulumala kotchedwa cerebral palsy, kumene kuchedwetsa mwana kuimika khosi, kukhala pansi ndi kuyenda. Mwana wotere achucha dovu, avutika kutafuna, atsamwa ndi phala kapena madzi, liu lake lituluka lofooka kapena lodzera m'mphuno. Ndipo mau amene awapinda lero adzawapinda chimodzimodzi mawa.

Kwa ana ena minofu njamphamvu ndithu. Mwanayo akukuta chimanga chokazinga, athamanga, akwera mpanda. Chosokonekera ndicho dongosolo limene ubongo utumiza ku milomo ndi ku lilime, monga oimba a mau abwino amene mtsogoleri wao aponya dzanja mosalongosoka. Limeneli ndilo apraxia, ndipo ndilo lisautsa makolo koposa, pakuti lioneka ngati mwano. Mwana anena "amai" momveka bwino ali kusewera. Amai ake asekera, aitana anansi, namuuza kuti anenenso. Iye atsegula pakamwa, milomo ifunafuna njira, natulutsa china. Mau aafupi awatha, aatali amgonjetsa. Apa ndi pamene ana ambiri alandira mkwapulo pa mlandu umene sadapalamule, makolo nanena kuti achita dala. Sachita dala ai. Kumkalipira kungoonjeza mantha, ndipo mantha aumitsa lilime kuposa kale.

Ku London kuli banja lina limene akatswiri adaliyesa zaka zambiri, chifukwa pa mibadwo itatu pafupifupi theka la abale ake adabadwa ndi vuto lomweli. Mu 2001 padapezeka kuti kachidutswa kamodzi ka chibadwa, kamene adakatcha FOXP2, nkosinthika mwa onse ovutikawo. Panalibe wowalodza, chidali cha m'magazi, monga utali wa msinkhu. Komanso ana ambiri a apraxia abadwa m'mabanja mmene vutolo silidaonekemo nkale lonse.

Zifukwa za dysarthria zidziwika bwino, ndipo zambiri nzopeweka. Pali mwana wochedwa kulira pobadwa, ubongo wake utasowa mpweya pa kubereka kotalika. Pali wobadwa masiku asanakwane, wogwidwa chikasu champhamvu pa sabata yake yoyamba osathandizidwa msanga, wodwala matenda oumitsa khosi, ndi wogwidwa malungo a mu ubongo. Za malungo amenewa dziko lapansi lidaphunzira zambiri kuchokera ku Malawi konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Dr. Malcolm Molyneux ndi Dr. Terrie Taylor adakonza mu 1989 muyeso wodziwira kukula kwa kukomoka kwa mwana. Kafukufuku wa pa chipatala chomwecho, wofalitsidwa mu 2010, adaonetsa kuti mwa ana atatu opulumuka ku malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi atsala ndi khunyu, kapena kufooka kwa ziwalo, kapena kusintha kwa khalidwe, kapena vuto la kulankhula. Makolo akale sadaname ponena kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Chifukwa chake kukachirira ku chipatala, kugoneka ana m'neti, kuthamangira kwa dokotala thupi likatentha, ndi kulandiritsa mwana katemera wa malungo kumene aperekedwa, si nkhani ya boma lokha. Ndi udindo wa lamulo lachisanu la Mulungu. Katemera ameneyo adayamba kuperekedwa ku Mitundu, m'boma lomwe lino la Lilongwe, mu April 2019, Malawi nakhala dziko loyamba kumpereka pa sikelo.

Koma m'makwalala anthu sakamba za ubongo. Akamba za ufiti. Bambo akakhala ndi kagolosale koyenda bwino, kapena akagula njinga yamoto ya kabaza, mwana wake ali wochucha dovu, mlandu watha kale pa kiyosiki ya madzi: ati adamkhwimira mwanayo, adatenga nzeru zake kuti zikhale chizimba cha malonda. Pakhomo pakakhala popanda chuma, mlandu ugwera amai: ati adasempha mwambo ali ndi pakati, kapena adayenda njira zosayenera. Amai akapezeka osalakwa, pali agogo okalamba kumudzi amene sangadziteteze. Ophunzira a Ambuye naonso adali ndi mtima womwewo. Ataona munthu wobadwa wakhungu, sadafunse chimene akadamchitira. Adafuna kudziwa wochimwa, ngati ndi mwini wake kapena makolo ake. Yohane Woyera pa mutu 9 asimba kuti Ambuye adakana zonse ziwiri. Mkristu wofalitsa mphekesera yotere achimwira lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo tchimo lake si laling'ono. Kuulula kokha sikukwanira: ayenera kubweza mbiri ya mnzake pamalo pomwe adaiipitsira, pa kiyosiki pomwepo, pamaso pa amai omwewo adamumvera. Adziwenso kuti lamulo la boma la 1911 liyesa mlandu kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Pali chilonda china chimene ansembe ndi ankhoswe achidziwa bwino. Abambo ena ataona kuti mwana salankhula, anena kuti kumtundu kwao kulibe zotere, nayamba kuchedwa pochoka ku ntchito ku Kanengo. Kenaka amveka kuti apeza nyumba ina, kapena akwera basi ya ku Johannesburg osatumiza ndi sopo yemwe. Pa tsiku la ukwati mwamunayo adavomera pamaso pa guwa kulandira ana amene Mulungu adzapatsa banjalo. Kodi adaika malire akuti olankhula okha? Wothawa mwana wake chifukwa cha chilema waswa lonjezo la sakramenti, ndipo ankhoswe amene angokhala chete agawana naye mlanduwo. Koma aliponso abambo, ndipo si ochepa, amene akweza mwana pa njinga m'mamawa kupita naye ku mafizo asanakafune ganyu. Amenewo atsata Yosefe Woyera, amene adalera ndi thukuta lake Mwana amene sadamuyembekeze.

Mtima wa kholo ukasweka ufunafuna chithandizo paliponse, ndipo ogulitsa chiyembekezo ngochuluka m'tauni. Sing'anga atema mphini m'masaya, namwetsa zowawa mwana amene atsamwa ndi madzi omwe. Wina atenga lumo nadula kamtsempha ka pansi pa lilime, poti ndiko kamanga mau. Nzoona kuti ana ena abadwa ndi kamtsempha kakafupi, ndipo dokotala akhoza kukaona. Koma pa dysarthria ndi apraxia chomangika sichili pansi pa lilime, chili mu ubongo, ndipo lumo lingosiya magazi, bala ndi mantha a kudya. Palinso aneneri a m'matenti ogulitsa madzi ndi mafuta, amene akalephera anena kuti chikhulupiriro cha amai nchochepa. Ndalama ya lendi yapita, ndipo amai abwerera ndi katundu wachiwiri, wa kudziyesa okanidwa ndi Mulungu.

Njira yoyenera iyamba pafupi, pa sikelo ya ana. Kholo lichite tcheru likaona mwana wa miyezi 10 wosabwebweta "bababa" ndi "mamama", wa chaka ndi theka wopanda mau ndi amodzi omwe, wa zaka 2 wosalumikiza mau awiri, kapena wa zaka 4 amene alendo samva zonena zake. Anansi adzanena kuti ana aamuna achedwa, kuti amalume ake adayamba kulankhula ali wamkulu. Nthawi zina nzoona, koma ubongo wa mwana uli ngati dothi la mbiya, limene liumbika likali lofewa. Kholo linene kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa namwino pa chipatala cha Kawale, cha Area 25, ku Bwaila kapena ku Likuni. Lipemphe kuti zilembedwe m'kabuku ka mwana, ndi kuti atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital, kumene kuli madokotala a ana ndi gawo la mafizo. Oyamba kuyesedwa akhale makutu, pakuti mwana wosamva bwino sangalankhule bwino. Ku Area 47, pa African Bible College, kuli chipatala cha makutu. Akatswiri ophunzitsa kulankhula ngowerengeka m'dziko lino. Mabungwe monga Children of Blessing Trust mu Lilongwe, ndi PODCAM, ndilo bungwe la makolo a ana olumala, achita mbali yao; komabe ntchito yaikulu itsalira pakhomo.

Nanga pakhomopo makolo achite chiani? Apa Mthenga uja wa Marko usanduka ngati buku la aphunzitsi. Ambuye adayamba ndi kumchotsa munthuyo pakati pa khamu, nakhala naye payekha. Sadafune kuti akhale choonetsa. Munthu amene moyo wake wonse adasekedwa potsegula pakamwa sakadatha kuyesanso pamaso pa anthu ambiri. Kenaka sadamlalikire ndi mau ochuluka. Adaika zala m'makutu mwake, nakhudza lilime lake, nayang'ana kumwamba, kuti munthuyo aone ndi maso chimene chidzachitika ndi kumene chithandizo chichokera. Mwana wa Mulungu, amene ali Mau enieni a Atate, adalankhula ndi manja chifukwa ndicho chinenero chimene mlendo wakeyo akadamva.

Makolo achite chomwecho. Wailesi itsekedwe, anansi asaitanidwe kudzaonera. Amai kapena bambo akhale pa mphasa, nkhope yao ilingane ndi ya mwana, kuti aone momwe milomo iyendera. Asankhe mau owerengeka amene mwanayo awafuna tsiku ndi tsiku, monga madzi, phala, bwera, inde, ai, ndi maina a abale ake; awanene pang'onopang'ono, pamodzi naye, kenaka amsiyire mpata. Mpata umenewo ndiwo ukanika akuluakulu ambiri: afunsa, ndipo mwana asanasonkhanitse milomo ayankha okha. Kholo liwerenge mumtima mpaka 10 lisanathandize, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana akanena "ma" pofuna madzi, apatsidwe madziwo, kholo nilibwereza "madzi" mokoma, osamuuza kuti walakwa. Mphindi zisanu pophika, zisanu posamba, zisanu pogona, masiku onse, zipindula kuposa ola lathunthu pa Lamulungu, chifukwa milomo iphunzira monga dzanja liphunzira kusoka: pobwereza kawirikawiri. Nyimbo zithandizanso, pakuti zikoka mau mwapang'ono, ndipo ana ena aimba chimene sangathe kunena.

Ena aletsa mwana kuloza ndi manja, poopa kuti adzachita ulesi wa kulankhula. Mantha amenewa ngopanda pake. Akatswiri apeza kuti zizindikiro za manja ndi zithunzi sizichedwetsa mau. Kawirikawiri ziwafulumiza, chifukwa mwana womveka aleka kulira ndi kudzigwetsa pansi, nayamba kukonda kucheza. Chidutswa cha katoni chomatapo zithunzi za kapu, mbale, chimbudzi, mphasa ndi mtanda sichilira ndalama, koma chipatsa mwana pakamwa pachiwiri. Kwa mwana wa minofu yofooka palinso nkhani ya kudya: akhazikidwe chilili, khosi lisagwere kumbuyo, phala likhale lolimbirako, supuni yaing'ono, ndipo asathiridwe madzi m'kamwa ali chogona, pakuti chakudya cholowa m'mapapo ndicho chiyambi cha chibayo chimene chitenga ana otere.

Chinthu china chiyenera kunenedwa poyera ngakhale chili chowawa. Mwana wosatha kufotokoza ndiye asankhidwa ndi anthu oipa, chifukwa adziwa kuti sadzawaulula. M'mipanda ya lendi mmene mabanja 6 kapena 8 agawana bafa limodzi, amai akapita ku msika, mwanayo atsala ndi aliyense, kapena atsekeredwa m'nyumba mmene muli mbaula. Makolo amphunzitse chizindikiro cha kukana ndi cha kuwawa, ayang'ane thupi lake pomsambitsa, ndipo akaona kuti aopa mwadzidzidzi munthu wina, asanene kuti ndi misala yake. Nkhani yotere ipite ku chipatala ndi ku polisi. Siikambidwa mwa chibale, ngakhale wolakwayo akhale mkulu wa mpingo.

Mose, mtsogoleri wa Aisraele, adadandaula kwa Mulungu kuti pakamwa pake ndi lilime lake nzolemera. Mulungu akadatha kumasula lilimelo pomwepo, pa chitsamba choyaka. Sadatero. Adampatsa Aroni, mkulu wake womposa ndi zaka 3, kuti amlankhulire. Koma ndodo ndi uthenga zidakhalabe m'manja mwa Mose. M'mabanja ambiri muli Aroni wamng'ono, mlongo wa zaka 7 amene amva mau onse a mbale wake nawamasulira akuluakulu. Ameneyo ndi mphatso. Koma asazolowere kuyankha mbale wake asanayese, ndipo asachotsedwe ku sukulu kuti akhale mlezi. Naye mwana womangika lilime apite ku mkombaphala ndi ku pulaimale pa msinkhu wake. Pulaimale njaulere chiyambire 1994, lamulo la anthu aulumali la 2024 liletsa kusala mwana pa maphunziro, ndipo ku Montfort, ku Nguludi, aphunzitsi akonzedwa kaamba ka ana otere. Ambiri mwa ana amenewa ali ndi nzeru zonse, ndipo cholembera chidzawanenera zimene milomo ikana.

Munthu wa ku Dekapoli sadapite yekha kwa Ambuye. Adatengedwa ndi anzake, ndipo ndi iwo adampemphera. Pamene Ambuye Patrick Kalilombe adachititsa msonkhano waukulu wa dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975, nakhazikitsa miphakati, cholinga chidali chakuti Eklezia akhale pakati pa nyumba za anthu. Mphakati umene usonkha bwino za maliro ndi za chaka cha parishi, koma sudziwa kuti nyumba yachitatu muli mai amene sadalandire Ukaristia zaka 2 chifukwa asowa womsiyira mwana, waiwala chimene udabadwira. Mai wotere safuna kumveredwa chisoni pa msonkhano. Afuna munthu wodalirika wokhala ndi mwana m'mawa umodzi pa sabata, afuna ndalama ya minibasi pa tsiku la mafizo, afuna kuti mwana akakuwa m'tchalitchi mitu isatembenuke. Amai Achikatolika, a Legio ya Maria ndi atate ndi amai a ubatizo a ku Utatu Woyera ku Kawale, a ku Don Bosco ku Area 23, a ku St. Francis ku Kanengo ndi a ku St. Denis ku Chinsapo ali ndi ntchito imeneyi pakhomo pao penipeni.

Kodi mwanayo adzalankhula? Ndilo funso limene makolo agona nalo. Ana ambiri a apraxia, akaphunzitsidwa mosalekeza, afika polankhula momveka, ngakhale pang'onopang'ono ndi patapita zaka. Ena a dysarthria adzalankhula movutikira moyo wao wonse, ndipo ena adzadalira manja ndi zithunzi. Eklezia salonjeza chozizwitsa kwa aliyense, ndipo saletsa kuchipempha. Marko asimba kuti Ambuye asananene mau ochiritsa adausa moyo. Kholo limene usiku lisowa mau a pemphero, nilingousa moyo pambali pa mwana wogona, lapemphera monga adapempherera Iye. Ndipo kutopa, ngakhale kukwiya kwa kanthawi, sikusonyeza kuti chikondi chatha.

M'chaka cha 1013, m'dziko la Germany, mudabadwa mwana wolumala thupi lonse, dzina lake Hermann. Ali ndi zaka 7 makolo ake adampereka kwa amonke a Benedikto Woyera pa chilumba cha Reichenau. Sankatha kuyenda, ankanyamulidwa pa mpando, ndipo wophunzira wake Berthold adachitira umboni kuti mau ake adali oduka ndi ovuta kumva. Amonkewo adapirira kumumvera. Mwanayo adakhala katswiri wa masamu, wa nyenyezi ndi wa nyimbo, nalemba mbiri ya dziko kuyambira kubadwa kwa Kristu mpaka 1054, chaka chimene adamwalira. Mwambo wakale unena kuti ndiye adapeka nyimbo ya Salve Regina, ndipo Eklezia adavomereza ulemu wake ngati Wodala mu 1863. Lilime lake silidamasuke. Chimene adapeza ndiwo anthu osafulumira. Si mwana aliyense adzakhala Hermann, ndipo safunika kutero kuti awerengedwe munthu.

Tsopano mau kwa aphunzitsi a katekisimu. Pa mwambo wa ubatizo pali chizindikiro chotchedwa Efata, chochokera m'nkhani yomweyi ya Marko: wansembe akhudza makutu ndi pakamwa pa wobatizidwa, napempha kuti adzamve mau a Mulungu ndi kuvomereza chikhulupiriro. Mwana womangika lilime adabatizidwa ndi madzi omwewo, ndipo ali ndi ufulu wonse wa ana a Mulungu. Koma chizolowezi cha makalasi ambiri ndicho funso ndi yankho loloweza, mwana aimirire nanene mokweza. Wolephera abwereze chaka. Chizolowezichi chathandiza mibadwo yambiri, koma kwa mwana uyu chiyesa milomo, osayesa chikhulupiriro. Alipo amene afika zaka 14 osalandira, pamene anzao osamvetsa theka la zimene iwo amvetsa adalandira kale chifukwa cha lilime lakuthwa.

Papa Pius X, m'lamulo lake la 1910 lotchedwa Quam Singulari, adagamula kuti mwana alandire Ukaristia akafika msinkhu wa kuzindikira, ndiwo wa zaka ngati 7, ndi kuti safunika kudziwa katekisimu yense. Chofunika ndi chakuti alekanitse Mkate wa Ukaristia ndi buledi wamba, ndi kuyandikira ndi ulemu woyenera msinkhu wake. Malamulo a Eklezia a 1983 asunga chiphunzitso chomwecho, ndipo malemu Papa Francis, mu uthenga wao wa pa 3 December 2020, adakumbutsa kuti anthu aulumali ali ndi ufulu wolandira masakramenti monga Akristu ena onse. Kuzindikira kumeneku kukhoza kuonetsedwa popanda mau. Mphunzitsi afunse kumene kuli Yesu, mwana aloze tabernakulo. Aonetse chithunzi cha bani ndi cha Hostia, mwana asankhe. Ayang'ane ngati agwada, ngati apinda manja, ngati nkhope yake isintha pa nthawi ya kupatulira. Makolo aitanidwe kudzamasulira. Kwa mwana wovutika kumeza, wansembe auzidwe isanayambe Misa, kuti ampatse kachidutswa kakang'ono, pakuti Kristu ali wathunthu m'kachidutswa kalikonse.

Za sakramenti la Kulapa njira idaonetsedwa kale ndi Francis de Sales Woyera, episkopi wa ku Geneva, amene adalandira m'nyumba mwake mnyamata wogontha ndi wosalankhula dzina lake Martin, namphunzitsa ndi zizindikiro mpaka adalapa ndi kulandira Ukaristia. Mwana womangika lilime asaikidwe kuseri kwa chotchinga mumdima. Akhale pamalo owala, pooneka kwa anthu koma posamveka, maso ndi maso ndi wansembe, amene afunse mafunso aafupi oyankhika ndi mutu kapena ndi chala pa chithunzi. Kudziguguda pachifuwa kukwanira ngati pemphero la kulapa. Malamulo a Eklezia alolanso womasulira, amene amangidwa ndi chinsinsi cha kulapako. Koma mwana asakakamizidwe kulapa kudzera mwa amai ake. Zonsezi zikambidwe ndi Bambo Mfumu kalasi isanayambe. Ndipo pa nthawi ya kulembetsa, mphunzitsi asadikire pa khonde la tchalitchi, pakuti makolo amenewa adabwezedwapo kale ndipo sadzabwera okha. Ayende ndi mkulu wa mphakati nyumba ndi nyumba, afunse za ana onse a pakhomo ndi obisika omwe, ndipo dzina la mwanayo alilembe m'buku lomwelo mmene muli maina a anzake.